Abambo Achotsa Zilembo Zawo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikupuma, ndingotero.

Ndisanapite patali, ndikonze kaye bodza limene azakhali akulifalitsa pa foni ngati uthenga wa maliro. Sindinawatukwane abambo. Sindinawalize pamaso pa anthu pofuna kuonetsa Chingerezi cha ku yunivesite, yunivesite yomweyo imene azakhaliwo satopa kundikumbutsa kuti sindinaimalize. Iwo anangoona misozi. Zina zonse zinawadutsa, maso anali m'mbale ya mabisiketi.

Lamulo la abambo pa masewera oyala zilembo aja mukulikumbuka, ngakhale inu munkathawira ku mpira bolodi ikangotuluka. Ukayala mawu a Chingerezi, mnzako akafunsa, unene tanthauzo lake. Ukalephera, chotsa zilembo zako, ulendo wako wapita. Ankati mawu amene sukuwadziwa tanthauzo ndi katundu wakuba. Ine ndinayamba kuchotsa zilembo patebulo lija miyendo yanga isanayambe kufika pansi. Abambo sindinawaonepo akuchotsa ngakhale chimodzi, mpaka ndinaleka kuwafunsa. Ungafunsenji kwa mphunzitsi wa Chingerezi?

Chisiyireni sukulu, ine ndi iwo sitilankhulana zambiri. Timakumana pa bolodi Lamulungu masana, basi. Pamenepo ndi pamene amandikalipira popanda kutsegula pakamwa, nanenso ndimayankhira pomwepo. Kushopu kumene ndimagwira ntchito kuja, makina okopera mapepala akamalira, ine ndimakhala ndikuloweza mawu a Q ndi Z, kuti tsiku lina mkuluyu adzagwe.

Lamulungu lija ndinali patsogolo ndi mapointi ochepa. Iwo anayala "adze", Z wake atagwera pa kabokosi kochulukitsa mapointi, namwetulira monga mwa masiku onse. Mtima unandiwawa, ndiye ndinati anene tanthauzo. Ndinkadziwa kuti ndikutaya mate. Mawu amenewo anandiphunzitsa ndi iwo omwe ndili mwana, mpaka anandijambulira kasemasema kuseri kwa envelopu.

Anangoziyang'ana zilembo zawozo. Ndinayesa akundiseweretsa. Ndinawauza kuti lamulo silipuma pa ntchito ngati aphunzitsi, ndipo satifiketi yopachika pakhoma siyankhira mwini wake. Inde, ndinanena zimenezo. Amene anaseka kwambiri ndi azakhali anu omwewo.

Achimwene, abambo anayamba kutola zilembo zawo. Chimodzichimodzi.

Ulendo wotsatira anayala "door". Abambo athu, "door"! Munthu amene ankatibwezera makalata athu a kusukulu atawachonga ndi cholembera chofiira! Sindinafune kufunsa, koma anandiyang'anitsitsa, kudikira funso, poti lamulo ndi lamulo. Ndinafunsa motsitsa mawu. Anayang'ana kudenga, pakabati, pawotchi. Chitseko chinali chotsegula pambali pawo penipeni, mphepo ikuchigwedeza. Anati mawuwo akuwadziwa, angochokapo pang'ono, abwera. Kenako misozi inayamba kugwera pa bolodi.

Kupambana kumene ndinakudikira zaka zonsezi kunali m'manja, koma sindinkakufunanso.

Ndinawatsatira amayi kukhitchini. Ndinawapeza akutsuka kapu yoyera kale. Sanatembenuke. Anandiuza kuti zinayamba chaka chatha. Abambo anasochera pochokera kometetsa, mumsewu womwe auyenda moyo wawo wonse, ndipo anawabweretsa kunyumba ndi wometa tsitsiyo. Tsiku lina magalasi awo anapezeka mufiriji. Adokotala anawayeza, nati ndi matenda oiwala, ndipo sabwerera m'mbuyo. Makiyi a geti amayi amagona nawo m'thumba la diresi.

Ndinawafunsa chifukwa chake anandisiya ndizinolera mpeni munthu wodwala Lamulungu lililonse. Anati pa bolodi pokhapo ndi pamene amuna awo amaonekabe ngati amuna awo. Zala zikukumbukirabe kayalidwe ka mawu, koma mawuwo m'kati mwake mulibenso kanthu. Anati ankangopemphera kuti ndisadzafunse.

Kenako anandigwira mkono kundichonderera kuti ndisakuuzeni. Ati abambo sangapirire kuti mwana wawo wa madigiri awaone chonchi. Ine wopanda pepala ndiye ndikhoza kuona, palibe kanthu. Chabwino. Pempho la amayi ndaliphwanya, adzandikhululukira kapena ayi.

Tsono mundimve. Musatumize mavitamini. Musaimbe foni ya vidiyo muli pa chiwongolero, n'kumati adadi mukuoneka bwino. Akuonekadi bwino, tayi amamanga okha. Pemphani tchuthi kwa mabwana anu, mubwere. Moyo wanga wonse sindinakupemphenipo kanthu, ngakhale tsiku lomwe ndinabwerera kunyumba ndi sutikesi, inu mukujambulitsa ndi gauni. Lero ndikupempha. Bwerani nkhope yanu akadaidziwa.

Mukadzabwera mudzakhale nawo pa bolodi, ngakhale muziyala "cat" ngati kale. Koma musadzawafunse tanthauzo la chilichonse. Lamulo lija ndalithetsa ine, ndipo amene adzalidzutse m'nyumba muja adzandidziwa.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti agogo awo alipo. Azakhali akakuimbiraninso, muwafunse ngati akudziwa dzina la mankhwala amene mlongo wawo akumwa. Mulungu akusungeni, akupatseninso miyendo.

Ndine mlongo wanu,
wosamaliza uja.

Ndionjezere ichi ndisanamate envelopu. Dzulo ndinapita kukawaona abambo. Anandilandira mwaulemu, natulutsa bolodi, nandifunsa ngati ndimatha Chingerezi. Anati ali ndi mwana wamkazi ku yunivesite, amaliza chaka chino.