Mfuti ya Chipolopolo Chimodzi

Amayi, kodi kukucha bwanji kumene muliko?

Mukanandiona mwezi watha mukanaseka mpaka kugwira nthiti. Mwana wanu wa digiri analasa pakati penipeni pa pepala, koma pepala la munthu wina. Kunali ku kalabu yowombera mfuti ku Romford, kuno kudziko la azungu, komwe ndinagula mfuti kwa mkulu wina wachizungu amene anaipanga yekha. Ndi yolemera ngati mtondo. Umaigoneka patebulo, pa timatumba ta mchenga, n'kuikamo kachipolopolo kamodzi kokha, ka mtundu umene mafakitale anasiya kalekale kupanga. Paja munkati mwamuna akakhuta amadzipezera katundu wosenza.

Kuno ku Ilford mpongozi wanu wabereka mtsikana, tamupatsa dzina lanu. Maungu a kuseri kwa nyumba anapsa ndi chisanu.

Nkhani yoipa ndi ya mlongo wanga Tiyamike. Lamlungu masana anafika mlomo utang'ambika, dzino atalikulunga m'kampango. Mwamuna wake anatsatira, akadali mu suti ya kutchalitchi. Mlamu satsekeredwa chitseko, ndiye ndinampatsa mpando ndi tiyi. Tiyi atatha analowa kukhitchini n'kumkoka Tiyamike tsitsi mpaka kumgwetsa pansi. Mlamuyo ndinamuwombetsa nkhope kukhoma kawiri. Mphuno inathyoka, magazi anawazikira pafiriji.

Kenako ndinakwera m'chipinda cham'mwamba, Amayi, ndipo mukudziwa chimene ndinkafuna. Koma kuno mfuti imakhala m'kabati yokhoma, zipolopolo m'bokosi lina, kiyi wake kwinanso. Ndinatsegula zonse mothamanga, kachipolopolo n'kugubudukira kunsi kwa bedi. Ndili chogwada, kukafufuza pakati pa matewera, ndinamva mdzukulu wanu akulira pansi. Mfuti imeneyi imafuna munthu wopuma pang'onopang'ono. Ndinaikhomeranso.

Mlamu ndinampeza ali phee pasofa, thaulo pamphuno, akuti sachoka mpaka ankhoswe amve nkhaniyi, ngati kuti ankhoswewo akwera ndege kuchokera ku Dedza. Anapemphanso tiyi wina. Ndinati, "Malume anamwalira, Amayi anamwalira. Nkhoswe ndine, ndipo ndamva. Tiyamike sabwerera kwanu."

Anakhalabe mpaka dzuwa kupendeka. Ndiyeno anafunsa nthawi ya basi ya kwawo ku Woolwich, n'kutuluka ndi thaulo lathu.

Ndimakukondani, Amayi. Ndikulonjeza kuti Tiyamike sabwera kwanuko msanga, ndipo mkamwini wanuyo sindikutumizirani ndine.

Mwana wanu,
Mavuto