Loko Watsopano Pachitseko

Bambo a Tiyamike,

Ngati mwafika ine kulibe, musalimbane ndi kiyi wanu, satsegulanso. Pepani. Wanga anathyokera m'loko Lachiwiri, ndiye a Boyd akalipentala anachita kuzula loko yense. Ndinakaniza masiku awiri, poganiza kuti mwayenda ndi kiyi ameneyo m'thumba mpaka ku Beira, ndiye mudzafike pakhomo panu ngati mlendo? Koma ndinatopa kugona chitseko chotchinga ndi mpando.

Tayika loko wa manambala, wopanda kiyi, wogula kwa amalonda a ku Mwami. Ine ndathamangira ku Madzimoyo, amayi akukumba nshawa okha ndi msana wawo uja. Ndibwera Loweruka.

Manambalawo sindilemba, kapepalaka kali panja ndipo anthu a m'Kapata muno sapitirira cholembedwa. Ndi atatu aja a pa nambala ya lole ya thonje imene munandikweza tsiku loyamba, ine fumbi lokhalokha, nkhuku ili m'khwapa. Munkati lole imeneyo simudzaiwala.

Malaya anu abuluu ndawachapanso, ngakhale sanade.

Ngati mwaiwala, khalani pakhonde mundidikire. Ndi masiku atatu okha. Ine ndadikira miyezi inayi.

Edita