Nkhulungo ya Malemu Agness Kamanga

Msonkhano wa Komiti ya Kalabu ya Oumba Mbiya, Msoro, 17 Ogasiti 1996, m'kalasi ya pasukulu.

Analipo: Mayi Everlyn Sakala (Wapampando), Mayi Millicent Njobvu, Mayi Purity Nkhoma, Edwell Chulu (Mlembi). Mlendo: Dr. Benwell Kamanga, mwana wa malemu. Sanabwere: Mayi Dolly Mwanza, njovu zinawaphwasulira nkhokwe.

1. Kutsegula
Pemphero litatha, mlendo anayendetsa kanthu koyera kopyapyala ngati khoko la dzira. Amayi anakagwira bwinobwino. Kanasweka m'manja mwa Mlembi, ticha wa pasukulupo, yekhayo wa ku koleji m'komitimo. Wapampando analamula kuti zilembedwe.

2. Pempho la mlendo
Dr. Kamanga, amene sanabwerere ku Ulaya chithere maliro, anapempha nkhulungo, mwala umene mayi awo ankasalazira mbiya. Mayi Njobvu anakana, nati mwala wa woumba umatsala ndi mkazi woumba, mwamuna saumba.

Mlendo anati nayenso ndi woumba. Kanthu kaja ndi dothi lotchedwa zirikoniya, limene amaliyala mopyapyala n'kuliwotcha. Likatentha limadutsitsa okosijeni yekha, yemwe akakumana ndi gasi pamatuluka magetsi. Likakhala lochindikala limafuna moto wambiri. Likachita kamng'alu, ntchito yonse yafa.

Mayi Njobvu anafunsa: "Nanga iwe Benwell, likang'aluka umakalipira ndani?" Mlendo anati ankakalipira ng'anjo, mpaka atakumbukira mayi awo akuvundikira mbiya zaziwisi ndi masamba a nthochi kuti ziume pang'onopang'ono. Chiyambire kuumitsa chomwecho, ming'alu inachepa. Anati ankafuna kudzawauza, koma anafika atawaika kale.

Apa mlendo anapukuta misozi.

3. Chigamulo
Mayi Nkhoma anati mwambo sauthyola chifukwa cha misozi. Komiti inagwirizana kuti nkhulungo itsale ndi Mayi Njobvu, mnzawo wa malemu pa dothi.

4. Zina ndi zina
Panalibe, koma mlendo sananyamuke. Anafunsa za thonje, za msewu, za thonjenso. Kenako Mayi Njobvu anamasula mwala uja pa chitenje chawo, nati popeza tsopano ndi wawo, aubwereketsa kwa amene afuna. Anauika m'manja mwa mlendo: "Uziunyowetsa kaye, mwana'nga. Agness sankasalaza ndi mwala wouma. Ndipo usapatse a ticha awa kuti agwire."

5. Kutseka
Msonkhano wotsatira: 14 Seputembala. Wapampando anatseka pa 16 awazi (4 koloko madzulo), Dr. Kamanga atakwera njinga kulowera ku Mambwe, dzanja limodzi lili m'thumba.

Everlyn Sakala, Wapampando
Edwell Chulu, Mlembi