Amayi Acheukenso Kumanzere

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kuno ku Utale tadzuka, ndipo amayi ayambanso kuyenda pang'onopang'ono chidwalireni sitiroko ija.

Koma magalasi munanena aja musagule, iyayi. Lachiwiri ndinawapatsa nandolo palichero kuti asankhe. Anasankha mbali yakumanja yokha n'kunena kuti, "Ndamaliza." Nditatembenuza lichero lija anakalipa: "Wathiramo zinyalalazi ndani?" Kuchipatala ku Balaka adokotala anati maso awo ali bwinobwino. Akuti ubongo ndi umene umasankha choti munthu ayang'ane, ndiye wa amayiwu ukunyalanyaza zonse zakumanzere.

Azakhali akuti tizingowaikira zinthu kumanja kuti asavutike. Ine ndakanitsitsa. Amayiwo ndawamangira kansalu kofiira pamkono wakumanzere, ndipo ndikafuna kuwalankhula ndimakhala mbali yomweyo mpaka atacheuka. Amayi amandinena kuti ndine wankhanza, koma sindisiya.

Chonde muziimba foni Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, ndiziyiika kumanzere kwawo. Ine amachedwa kundicheukira, koma mawu anu, achimwene, adzawafunafuna mpaka awapeze.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati