Mtovu wa pa Ukonde

Lolemba, 1 Julayi, Malindi

Mantha a aliyense amene ali ndi makina a mphepo pakhomo: phiko likathyoka ligwera ndani? Mwera wayamba. Mlongoti ukunjenjemera mpaka malata a khitchini kulira. Makinawa ndiwo amatchaja batire la kafuriji, m'kafurijimo muli insulini ya amayi, mankhwala awo a shuga. A Ajira, oyandikana nafe, anandiitana pampanda: "Aphunzitsi, ndege yanuyi ikatera pa ana anga tidzauzana zotani?" Sakunama. Ndalonjeza kuti ikapanda kukhala bata pofika Loweruka, ndiitsitsa. Ndamanga buleki.

Lachitatu, 3 Julayi

Abwera Che Sumani okhoma maboti, amene anasema mapiko atatuwa. Mapikowo tawatsitsa n'kuwapachika pachingwe ngati sikelo. Limodzi lathamangira pansi, thabwa lake linali laliwisi. Tapala mpaka onse afanana. Ndinakondwa msanga. Masana mwera utakula, nsonga za mapiko kuphiriphitha ngati nsomba m'bwato. Buleki kachiwiri. Batire theka.

Lachinayi, 4 Julayi

Ndawafunsa Che Sumani chifukwa chimene mapikowa anawasemera opyapyala chonchi. "Nkhafi yabwino imapindika, aphunzitsi, apo ayi imakupweteka phewa." Ndiye anatisemera nkhafi zitatu.

Ndalemba kuti ndisaiwale. Mphepo imapinda phiko. Kulemera kwa phikolo kukakhala kumbuyo, popindikapo limapotokanso. Likapotoka limagwira mphepo yambiri, n'kupindika koposa poyamba. Zimangopatsirana choncho mpaka thabwa kung'aluka. Mankhwala ake: kulilimbitsa, ndi kuika cholemera kutsogolo, mbali yodula mphepo. Ndinajambula pamchenga. Iwo anangoti, "Boti lolemera kumbuyo limavinanso chimodzimodzi." Zaka zonsezi ndikuphunzitsa sayansi, sindinafotokozepo bwino chotere.

Koma cholemeracho ndichipeza kuti?

Loweruka, 6 Julayi

Batire latha dzulo. Insulini ndaikwirira mumtsuko wa mchenga wonyowa. Amayi sakudandaula, ndipo n'chimene chikundiwawa.

M'mawa a Ajira pakhomo, kanthu kokulunga m'chitenje. Ndinkati abwera kudzandikumbutsa lonjezo. Anamasula: mtovu wa pa ukonde wa malemu amuna awo. "Ndamva mukufuna zolemera. Ukondewo sulowanso m'madzi."

Che Sumani anaboola timabowo kutsogolo kwa phiko lililonse, mtovu wofanana, utomoni wa maboti pamwamba, ndi kathabwa kolimbitsa m'tsinde. Tamasula buleki mwera uli pachimake. Ndinagwira mlongoti ndi manja awiri. Zii, osanjenjemera. A Ajira, ana ali kumbuyo kwawo: "Ikuzungulira, kapena yafa?"

Kafuriji kayambanso kung'ung'udza.

Lachiwiri, 9 Julayi

Ana a Ajira akusewera pansi pa mlongoti. Amayi awo sakuwaitana.

Che Sumani anyamuka kukakhoma boti ku Makanjira, miyezi iwiri. Akuti thabwa limasintha likamauma, mapiko adzafunika kuyezanso. Ndinati ndidikira abwere. Anaseka. "Chingwe muli nacho, maso muli nawo."

Ndikudzilembera ndekha: iwe Dorika, mwezi ukatha mapikowo uwatsitse, uwapachike, uyese wekha. Uitane a Ajira adzagwire chingwe.