Nsalu ya kumbuyo kwa chigoba

Chawama, Lusaka

Alongo anga a Benedict,

Muli bwanji kumeneko ku Katete, pamodzi ndi alamu ndi ana? Ife kuno tili bwino, kupatula fumbi ndi mtima wangawu umene wakana kukhala pansi.

Lachisanu ndinaperekeza mwana wanga Mwaiwathu ndi anzake a sukulu ku miyuziyamu, kumene amasunga zinthu zakale. Ba ticha anauza mwana aliyense kuti aime pa chinthu cha mtundu wake. Pumulo anaima pa nkhafi za Alozi, kulankhula mpaka thovu kukamwa. Bwalya anaima pa timiphika ta chinamwali cha Abemba. Wanga, wobadwira m'komboni, anangoyang'ana ine.

Ndinamukokera ku zigoba za gule wamkulu. Alongo, chigoba chofiira chija cha atate, cha khutu lakumanzere lobenthuka, chili m'galasi! Nditasuzumira kumbuyo kwake ndinaona nsalu yabuluu, yokhala ndi chigamba chosokedwa ndi ulusi wofiira. Ndi yunifomu yanga ya giredi folo. Chigamba chija anasoka ndi amayi, ine ndili pomwepo. Mukukumbuka mmene anandikwapulira, ati ndataya diresi kudambo? Inu munali chilili, kungoonerera. Kani atate ndiwo anaitenga kupita nayo kudambwe, kumalo obisika a gule!

Ndiye tandiuzani. Atate atamwalira, inu mutalowa tchalitchi chatsopano, simunatiuze kuti zinthu zawo zonse munatentha? Moto wanji umenewo wotentha chigoba n'kuchifikitsa ku Lusaka chilibe ndi mwaye womwe? Munapatsa ndani? Kaya munagulitsa, kaya munangotaya, zimenezo n'zanu ndi Mulungu wanu.

Chimene chandiwawa ndi kapepala ka pansi pake. Alembapo kuti wosema sadziwika. Atate athu, a Yotamu Mbewe, sadziwika! Munthu amene zala zake zinali mabala okhaokha chifukwa cha kasemasema.

Mwaiwathu anandifunsa amene anachipanga. Ndine mkazi, ndinakula ndikuuzidwa kuti zilombo za gule zimachokera kumanda, palibe amene amazisema. Ndinangomuyankha kuti sindidziwa. Ndinanamiza mwana wanga pamaso pa ntchito ya agogo ake, iye n'kubwerera kwa anzake manja ali m'thumba.

Pochoka ndinafunsa bambo wogwira ntchito kumeneko ngati dzina limatha kuonjezedwa. Anati inde, ngati wachibale abwera ndi umboni. Wachibaleyo ndinu. Munalowa kudambwe, munkawagwirira mitengo posema, mukudziwa zimene zinganenedwe ndi zosanenedwa. Sindikuti muvine, sindikuti musiye kupemphera. Kwerani basi chabe, mudzatchule dzina la atate anu. Pogona palipo, Mwaiwathu adzagona ndi ine.

Ndikudikirani mpaka mwezi uno uthe. Mukapanda kubwera, ndipita ndekha, mwana ali kudzanja. Za kudambwe sindidzanena, mwambo ndimaulemekeza. Ndidzangoloza nsaluyo n'kuwauza kuti ndi diresi langa, ndipo ndinakwapulidwa chifukwa cha ilo. Akandifunsa dzina la atate a mwini diresi, pamenepo palibe mwambo wonditseka pakamwa.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa azakhali a Chipo. Mulungu amene mumamupempherayo akusungeni, akupatseninso ndi miyendo yokwerera basi.

Ndine mlongo wanu,
Virginia