Maso a Alamu Anga Efraín

Mayagüez
9 Malichi 2019

Okondedwa achemwali anga Nereida,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Orlando kumeneko pamodzi ndi kamwana kathu Yamilet. Kuno mwendo wa amayi uja waphwa, moti Lamlungu anayenda okha mpaka kutchalitchi. Khofi amene munafuna ndapatsira a Doña Carmín, afika naye sabata yamawa.

Mwakhala mukufunsa chifukwa chimene sindiyankhira foni za amuna anu, alamu anga Efraín. Ndinkafuna kungokhala chete, koma poti mwafika ponditcha wanjiru, imvani.

Mukudziwa kuti alamu atabwera kudzakhala kwathu kuno, tonse awiri tinkasaka maola oulukira kuti makampani atilembe ntchito yoyendetsa ndege. Tinkabwereka kandege kamodzi. Ine ndinkavala magalasi otchinga aja, oti munthu asaone kunja koma mawotchi a kutsogolo kwake okha, ngati ali mumtambo. Lamulo limati wovala magalasiwo asauluke yekha, pambali pake pakhale woyendetsa ndege mnzake womuyang'anira kunja. Woyang'anirayo amathanso kulemba maolawo m'buku lake ngati kaputeni, bola mugwirizane musananyamuke kuti ulendo wonsewo uli pamutu pake. Alamu ankazikonda zimenezo.

"Mlamu, iwe gwira chiwongolero, ukaputeni undisiyire ine," ankatero akuseka. "Nkhope yakoyo si ya kaputeni, ndi ya wogulitsa buledi."

"Chabwino bwana kaputeni, bola maso akhale kunja."

"Maso angawa? Mlongo wako ndinamuona ali kutsidya kwa bwalo la mpira, anthu ali thithithi."

Tsiku limenelo tinanyamuka m'mawa kulowera chakumpoto. Titangokwera ndinavala magalasi, wailesi n'kuwasiyira iwo monga mwa nthawi zonse. Akati khota, ndinkakhota. Kenaka ndinawamva akulankhula ndi mawu oseweretsera mwana.

"Yamilet, taona nyanja! Awa ndi adadi ako, akuuluka!"

"Alamu, mwalankhula nawo kale oyang'anira bwalo la ndege la ku Aguadilla?" ndinafunsa.

"Tikadali kutali iwe, usanjenjemere."

Sitinali kutali. Ndinangomva chimkokomo, kandege kathu n'kugwedezeka ngati kamenyedwa mbama. Nditavula magalasi ndinaona mimba ya chindege cha katundu ikudutsa pamwamba pathu, matayala ali kunja, chikukatera. Achemwali, ndinaona ngakhale mafuta akuda pa zitsulo zake. Alamu foni inali m'manja, kukamwa kuli yasa.

Titatera anandigwira paphewa. "Nkhaniyi tili limodzi, m'bale wanga."

Akuluakulu oona za maulendo a ndege anatiitana mmodzimmodzi. Ine ndinafotokoza zonse kupatula za foni, poganizira inu ndi mwana. Ndinkati atikalipire tonse, zithe. Kenaka mayi wofufuza nkhaniyo anandiwerengera zimene alamu ananena. Akuti panthawiyo ndinali nditavula kale magalasi, ndinkaona kunja ndekha, iwo anali atasanduka wokwera chabe. Akuti za ukaputeni tsiku limenelo sitinagwirizanepo. Wosaina pobwereka ndege ndinali ine, ndiye mayiwo akanakhulupirira ndani?

Nditafika kunyumba ndinawapeza kukhitchini akudya mpunga wa nandolo umene amayi anawaphikira.

"Alamu, magalasi aja ndinavula liti?"

Sanadzutse mutu. "Heriberto, iwe ulibe mwana. Ukadali wamng'ono, udzayambiranso."

"Ndafunsa kuti ndinavula liti."

"Usakweze mawu, amayi angamve."

Anamaliza mbale yonse, n'kuonjezera ina. Ine ndinaima pomwepo kuwayang'ana.

Chiphaso changa choyendetsera ndege anachiimitsa. Kakampani ka maulendo a ku zilumba za Vieques ndi Culebra kamene kanandilonjeza malo kanati ndidikire kaye, mpaka lero sikanaimbenso. Panopa ndimathira mafuta ndi kutsuka ndege pabwalo lomwe tinkabwerekera kandege lija. Anyamata amene ndinayamba nawo sukulu youlutsa ndege amandipatsa moni ali pawindo la ndege, ine ndili pansi ndi paipi. Amayi ndinawauza kuti ndayamba ndapuma pang'ono zoulukazi. Chithunzi cha alamu atavala malaya oyera a oyendetsa ndege, a mizere paphewa, amayi anachimata pafiriji, ndipo aliyense wobwera amamuonetsa. Ndimachiona ndikamatenga madzi akumwa.

Mwina munena kuti ndi mawu anga okha. Mukukumbukira kanema wa nyanja uja alamu anakutumizirani tili m'mwamba momwemo, amene munayankha kuti mwana waseka? Kamuonereninso. Chakumapeto foni ikutembenuka. Pansi pakuoneka bwalo la ku Aguadilla, ndipo kumanzere kuli munthu. Muone chimene wavala kumaso.

Sindikuti kanemayo mumupereke kwa aliyense. Bodza lotere likadziwika, chiphaso cha alamu angachite kulanda, ndipo ovutika mungakhale inu ndi mwana. N'chifukwa chake mayi wofufuza uja atandifunsa ngati ndili ndi umboni wina, ndinati ndilibe. Musandithokoze, sindinachite mokondwa. Masiku ena ndimadzuka ndikufunitsitsa kubwererako.

Za ubatizo wa mwezi wa Meyi, pepani, mupeze munthu wina woti akhale bambo wake wa ubatizo wa Yamilet. Mwanayo ndimamukonda ndisanamunyamulepo n'komwe, koma sindingaime patsogolo pa ansembe, phewa ndi phewa ndi bambo ake, n'kumamwetulira wojambula. Amayi abwera, tikiti yawo ndakonza kale. Ndawauza kuti ine ntchito yandikaniza, ndipo chonde zikhale choncho.

Mundiperekere moni kwa azakhali Milagros, muwauze kuti mankhwala awo asamadumphe. Moni kwa anzanu a kuchipatala amene anakuthandizani pochira. Yamilet mumupsompsone pachipumi, mumuuze kuti ali ndi amalume ku Mayagüez.

Kwa alamu sindikutumiza kanthu. Kalatayi ndalembera inu, koma akaipempha apatseni. Musatuluke m'chipindamo. Mukhale pomwepo, muziwayang'ana kumaso akamawerenga.

Ndine mlongo wanu,

Heriberto